Anauza Mulungu Mokweza

Amene analanditsa mwana wa Eliness ndi Mayi Doreen Maziko, tcheya wa amayi a mpingo uja wa kumtunda kwa msika wa Bangwe. Sanagwire chikwanje, sanapite kwa sing'anga, bodza sananame ngakhale limodzi. Anangoimirira Lachinayi lina masana atavala bulauzi yoyera mbee, n'kutsinzina, n'kupemphera. Dzina lawo likhale pamwamba pomwe pano, kuti wina asadzati nkhaniyi inalibe mwini.

Eliness anali mkazi wa McDonald, amene ankayendetsa makina pa fakitale ina ku Limbe. McDonald anamwalira mu 1995 atadwala nthawi yaitali, monga amanenera pa wailesi polengeza maliro. Anasiya mkazi, nyumba ya lendi, ndi mwana mmodzi wamkazi, Tiyanjane, wa Sitandade 2. Tsiku lometa, a Ramsey a ku Chemusa, akulu ake a malemu, anatenga njinga ndi wailesi, koma mwana anamusiya.

"Tiya akhale ndi inu, alamu," anatero. "Koma musaiwale kuti kwathu tinalowola."

Mawu amenewo anali ndi minga. Kwawo kwa McDonald ndi kuchigwa, kwa Asena, kumene mwana ndi wa kuchimuna. Eliness ndi Mlomwe wa ku Thyolo, kumene mwana ndi wa mayi wake ndi amalume. Pa ukwati, amalume ake, a Ellard, analandira malowolo mano ali pamtunda, osaganiza kuti tsiku lina adzafunsidwa.

Anthu atabalalika pasiwa, phulusa la panja atalisesa, Eliness analowa m'nyumba n'kugona. Sikuti m'thupi munkawawa ayi. Anangogona. Beseni lake la mandasi, limene ankakhala nalo pa siteji ya minibasi m'mawa uliwonse, linasanduka nyumba ya mphemvu. Akadzuka kuti akasambe, ankafika pachitseko n'kuiwala chimene wadzukira. Tulo osabwera, njala osabwera, misozi nayo inaphwa. Kuchipatala anamuyeza BP n'kumupatsa mapanado. A mpingo anati asalire ngati wopanda chiyembekezo. Oyandikana nawo anati alimbe mtima, ngati kuti mtima ndi simenti yoti ungothira madzi iume yokha. Tiya ankapita kusukulu yaulere ija ndi yunifolomu yosachapa, ndipo akaweruka ankakadya kwa a Ida, mayi wamasiye wa pamzere womwewo, wogulitsa makala.

Zaka zimenezo, zipani zitabwera, anabweranso mabungwe, lililonse ndi galimoto yake ndi matisheti ake. Bungwe lina linatumiza ku Bangwe mtsikana wina dzina lake Olive. Iyeyo galimoto analibe, ankatsika minibasi ngati aliyense. Anaphunzira za maganizo a anthu, zimene amati saikoloje, ndipo anapempha holo ya mpingo kuti Lachiwiri lililonse azikumanamo ndi amayi amasiye.

A Ida ndi amene anakamuzula Eliness pamphasa.

"Amake Tiya, dzukani, kuholo kwabwera bungwe."

"Akugawa chiyani?"

"Palibe. Olo soya."

"Nde tikukatani?"

"Akuti kukalankhula."

"Kulankhula ndi ndiwo?"

"Inu, musandifunse ine, mesa ndi demokalase! Masiku ano aliyense akulankhula, a ndale akulankhula, achule akulankhula. Valani chitenje, mukununkha ngati thumba langa la makala."

Anapita chifukwa kukana kumafuna mphamvu, ndipo iye mphamvu analibe.

M'holomo mabenchi anali atawazunguliza. Olive sanaime kutsogolo ngati mphunzitsi, anakhala pabenchi limodzi ndi amayiwo. Anati chisoni chikakhalitsa chimasanduka nthenda, ndipo nthendayo mankhwala ake alipo koma si a m'botolo. Kenaka anaika lamulo limodzi lokha: zolankhulidwa muno zitsala muno. Anazungulira mayi aliyense kuti alinene ndi pakamwa pake.

Pakhomo pa holo, pampando wokhawo wa ndalema, panali Mayi Maziko. Iwo sanali amasiye, amuna awo ali moyo mpaka lero. Koma makiyi a holo anali awo. Olive anawapempha mwaulemu kuti adzabwere nthawi yotseka.

"Mwanawe," anatero Mayi Maziko, "nyumba ya Mulungu sindingaisiye m'manja mwa bungwe. Usaope. Ine ndine manda, cholowa mwa ine sichituluka."

Olive anayang'ana makiyi aja, n'kuyang'ana amayi amene anali atakhala kale, n'kulola. Kulakwa kwake kunali kumeneko, ndipo mwiniwake sakana.

Masabata oyamba Eliness sanatsegule pakamwa. Ankangomva anzake. Wina anati amaphikabe chakudya cha anthu awiri. Wina anati amamuda mwamuna wake chifukwa chomwalira, ndiye akatero amaopa kuti wachimwa. Eliness anadzidzimuka kumva za mumtima mwake zikutuluka pakamwa pa mayi wogulitsa usipa. Olive sankalalika. Ankapereka tintchito ting'onoting'ono. Mawa mungosesa pakhomo, basi, musachitenso china. Sabata inayo mukagule nokha mchere ku okala, musatume mwana. Mtima ukayamba kuthamanga, khalani pansi, mutulutse mpweya pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala la khanda. Mukabwera mudzatiuze kuti zinakhala bwanji.

Eliness anasesa. Anakagula mchere. Koma panali chinthu chimene sanauze munthu.

Lachiwiri lina Olive anafunsa funso limene ku Bangwe kunalibe anali atafunsapo masana dzuwa likuwala.

"Amayi, ndifunsa mosapsatira. Alipo muno amene anaganizapo zodzipha?"

A Ida anakhosomola. Eliness anamva manja ake akuyenda okha, akumasula mfundo ya pansonga ya chitenje. Anatulutsa kapepala kopindapinda ka tameki, mankhwala aja a makoswe, n'kukaika pabenchi.

"Ndayenda naye mwezi," anatero. "Ndimati Tiya akadzapita ku holide."

Palibe anakuwa. Olive sanamudzudzule, sanatchule za Gehena. Anasendera pafupi n'kufunsa ngati angatenge kapepalako, Eliness anagwedeza mutu kuvomera. Anafunsanso ngati kunyumba kwatsala wina, iye anati ayi. Kenaka anagwirizana kuti a Ida azigona kwa Eliness kufikira mtambowo utadutsa, ndipo ganizolo likabweranso asalimbane nalo yekha, angogogoda kwa a Ida kapena atumize mawu kwa Olive. Apo m'pamene misozi inabwerera. Analira mpaka bulauzi ya mayi wa usipa inanyowa paphewa.

Kuchokera tsiku limenelo chinthu chinamasuka. Njala inabwera, tulo tinabwera. Anatsuka beseni ndi mchenga, n'kuyambanso kukazinga. Yunifolomu ya Tiya inayamba kuoneka pachingwe. Ganizo lija linkabwerabe masiku ena, koma likabwera ankagogoda kwa a Ida, n'kumwa tiyi wopanda mkaka akumva miseche ya pamakala, ilo n'kuchoka.

Itapita miyezi, Olive anamupatsa ntchito ina.

"Kale musanaferedwe, ndi kuti kumene munkapita mukusangalala?"

"Kwa amayi Lachinayi. Ndinkayambitsa nyimbo."

"Bwererani kumeneko. Musayambitse nyimbo ngati simukufuna. Mungokakhala."

Anachapa bulauzi yoyera, anaisita ndi makala a a Ida, napita. Tchalitchi chinali chodzaza. Amayi anamulandira ndi nthungululu, ndipo amene anasangalala koposa onse anali Mayi Maziko. Nthawi ya mapemphero itakwana anaimirira, misozi ili m'maso, n'kukweza mawu monga amachitira kuti a kumbuyo amve.

"Tikuthokozani, Atate, chifukwa cha mwana wanu Eliness, amake Tiya, amene mwamubweza pakati pathu lero. Inu nokha mukudziwa, Atate, kuti Satana anamumangitsa tameki pansonga ya chitenje. Inu nokha mukudziwa kuti anayenda naye mwezi wathunthu, kugona naye pamphasa imodzi ndi kamwana kosalakwa kaja. Koma inu munamulanda m'kamwa mwa mkango!"

Maso onse anali otsinzina. Makutu onse anali tcheru. Amayi anati Amen ndi mphamvu yoti malata anjenjemere.

Eliness anatuluka nyimbo yotsekera isanathe. Pofika pamjigo, ana otunga madzi anamupatukira. M'mawa mwake pasiteji kondakitala wina anatola ndasi, n'kulinunkhiza.

"Amayi, mulibe kanthu umu? Ine ndili ndi ana!"

Anzake anaseka mpaka kugwirana. Nkhani imakwera minibasi osalipira. Inatsika ku Limbe, n'kukwera ya m'tauni, n'kukafika ku Chemusa kumene akazi a a Ramsey amagulitsa kaunjika. Loweruka m'mawa a Ramsey anali pakhomo pa Eliness. Sanalowe m'nyumba. Anati abwera kudzatenga mwana wa mng'ono wawo. Eliness anaima pachitseko n'kutambasula manja, ndipo a Ida anabwera ndi chikuni. A Ramsey anati chabwino, aitane ankhoswe, akumana Lamulungu masana.

Madzulo a Loweruka lomwelo Mayi Maziko anabwera atanyamula shuga ndi buledi.

"Mwana wanga, ndamva zimene zikuchitika. Koma Mulungu ndi mboni, ine sindinauze munthu. Ndinauza Mulungu."

"Mulungu ndi wogontha, amayi?"

"Usatero, Eliness, ukuchimwa."

"Ndikufunsa. Mukanamuuza chamumtima sakanamva?"

Mayi Maziko anakonza duku, n'kutsitsa mawu. Nthawi imeneyo ndiye anadziwa kutsitsa mawu.

"Tamvera. Mawa ndidzanena kuti ndinaona m'masomphenya, kuti anali maloto chabe, ine n'kuwamasulira molakwika. Iwe ungokana. Amayi a Lachiwiri sangakuulule. Nkhani ithera pomwepo."

Eliness anawabwezera shuga wawo, koma mawuwo anatsala naye. Inali njira, ndipo inali yosavuta. Lamulungu Olive anafika msanga, anthu asanasonkhane, ndipo Eliness anamufotokozera.

"Ine sinditsegula pakamwa pokhapokha inu mutandilola," anatero Olive. "Mukakana, sindikutsutsani. Koma akandifunsa, bodza sindinena, ndingoti za m'gulu sindikamba. Mwana ndi wanu, mawu ndi anu. Ndipo mundikhululukire, mayi aja sindikanawalola kukhala pakhomo paja."

Anakhala panja pamithunzi ya nyumba. A Ramsey ndi akazi awo mbali iyi, a Ellard amene anachokera ku Thyolo mbali iyo, Mayi Maziko pampando, Olive ndi a Ida pamphasa pafupi ndi Eliness. Tiya anamutumiza kwa anzake, koma pamzere wa nyumba za lendi palibe chinsinsi, mawindo onse anali ndi mitu.

A Ramsey si chilombo. Ndi munthu amene anakwirira abale ake atatu motsatizana, ndipo mantha anali atamulowa m'mafupa. Analankhula mofatsa.

"Alamu, funso langa ndi limodzi. Munagula tameki kapena simunagule?"

Mayi Maziko anatsegula kale pakamwa kuti ayambe za masomphenya. Eliness anayang'ana pansonga ya chitenje chake. Panali popanda mfundo. Anaona kuti akakana lero, ndiye kuti wamanganso chinthu china pomwepo, choti aziyenda nacho yekha moyo wake wonse, kuopa aliyense amene anali m'holo muja. Chete uja ndi amene anatsala pang'ono kumupha. Anaganizanso kuti anthu amaso aona okha: masaya abwerera, pakhomo pasesedwa, mwana wanenepa.

"Ndinagula," anatero. "Ndinagulira ine, osati mwana. Ndinkadwala chisoni cha mng'ono wanu. Ndinamupereka ndekha, ndi dzanja langa ili, popanda wondigwira. Kuyambira pamenepo ndikudya, ndikugona, ndikugulitsa. Asisi Olive, auzeni."

Olive anafotokoza bwinobwino. Anati munthu amene watchula ganizo lotere n'kupempha thandizo ndi amene wasankha moyo, woopsa ndi amene akungoti ndili bwino. Anati chimene chamudzutsa Eliness m'mawa uliwonse ndi mwanayo, ndipo kumulanda n'kuchotsa mzati panyumba imene yangoimikidwa kumene.

A Ramsey anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwalankhula bwino, achemwali. Ndiye lumbirani pano, pamaso pa anthuwa, kuti ganizolo silidzabweranso."

"Palibe angalumbire za mtima wa munthu, bambo. Ngakhale wanu. Chimene ndinganene n'chakuti likabwera, akudziwa kokagogoda."

"Mwamva?" anatero a Ramsey potembenukira kwa a Ellard. "Ngakhale wa sukuluyo akuti likhoza kubwera."

A Ida anadzuka. "Inu a Ramsey, miyezi yonse ija mwanayu akudya kwa ine, munali kuti? Minibasi za ku Chemusa zinali pa sitalaka? Njinga munaiona, wailesi munaiona, koma njala ya mwana simunaione!"

Anawakhazika pansi, akuti si ankhoswe. Onse anayang'ana a Ellard. A Ellard anayang'ana nsapato zawo. Ng'ombe za malowolo anadya kalekale, ndipo pakamwa podya sipatsutsa. Anati mwina n'kwabwino mwana akakhale kaye ku Chemusa mpaka mayi wake atachira.

"Nanga adzanene kuti ndachira ndani?" anafunsa Eliness.

Mayi Maziko anati atseke ndi pemphero. A Ida anati akangoyerekeza awathira madzi a m'bafa.

Tiya ananyamuka ndi jumbo ya yunifolomu ndi makope. Pofika pakhomo anakoka chitenje cha amake.

"Amama, anzanga akuti mumafuna kundithirira mankhwala m'phala."

Eliness anagwada mpaka maso awo analingana.

"Akunama. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe. Ndinkadwala chifukwa chosowa adadi ako, ndipo ndikuchira. Loweruka ndibwera. Uzitsuka m'mano."

Usiku umenewo a Ida anabweranso ndi mphasa yawo osaitanidwa, poganiza kuti zonse zabwerera pakale. Eliness sanawabisire. Anati ganizo lija labwera, lili pakhomo. A Ida anakhala naye, anatumiza mawu kwa Olive, ndipo m'mawa kutacha anamva tsache likulira panja. Eliness anasesa, anakazinga, anakakhala pasiteji. Ogula ena anathawa, ena anabwerera, poti mandasi ake ndi aakulu. Loweruka anakwera minibasi ziwiri kupita ku Chemusa, ndipo wakhala akukwera Loweruka lililonse kufikira lero.

Gulu la Lachiwiri linachoka m'holo, limakumana kuseri kwa nyumba ya a Ida pakati pa matumba a makala. Koma lachepa. Amene atsala amakamba za mutu, za msana, za kukwera kwa mtengo wa ufa. Olive akafunsa funso lake lija, amayi amayang'ana pansi n'kunena kuti ayi, tili bwino. Anaona zimene zimamuchitikira wonena zoona. Yekhayo amene amayankhabe mosabisa ndi Eliness, ndipo mayi watsopano akabwera ali duu ngati chitsa, ndi Eliness amene amakakhala naye pafupi. Mayi Maziko anawasankhanso utcheya. Amapempherabe mokweza.

Tiya tsopano ali Sitandade 4. Amatchula akazi a a Ramsey kuti amama, ndipo Eliness akafika, amayamba wayang'ana kaye kumaso kwa eni nyumba asanamuthamangire. Eliness akafunsa za kumutenga, a Ramsey amati tikuonabe. Akalira potsanzika, amati mwaona, sanachire. Akaseka ndi mwana, amati taonani kusekako, si kwabwinobwino. Tsiku lina anakwiya n'kumenya chitseko, iwo anati za ku chipatala cha amisala ku Zomba basi. Tsiku lina anangokhala chete, akuti chete ameneyu ndiye woopsa.

Wothyoka mwendo amamuchotsa pulasitala, anthu n'kuona kuti akuyenda. Wa TB amamaliza mankhwala, anthu n'kusiya kubisa makapu. Eliness anachita zonse zimene anauzidwa. Anasesa, analankhula, anapereka tameki ndi dzanja lake, anabwerera kutchalitchi, ananena zoona pamaso pa ankhoswe pamene bodza linali litayalidwa kale ngati mphasa.

Tsono inu amene mwawerenga, makamaka inu amene munali m'tchalitchi muja mutatsinzina n'kuyankha Amen, Loweruka likudzali Eliness akweranso minibasi zake ziwiri. Akakafika pakhomo pa a Ramsey akaonetse chiyani kuti anthu avomere kuti wachira? Akalire, akaseke, kapena akangoima ngati mtengo? Musandiuze zolimba mtima, ndipo musati timupempherera. Ndafunsa funso. Ndiyankheni.